Amabwera Kudzayesa Nsapato Basi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tingoti tilipo.

Mwafunsa za shopu ya nsapato imene bambo anatisiyira. Anthu akubwerabe, musadandaule. Munthu amalowa n'kukhala pabenchi paja, ine n'kugwada kumuvula nsapato yakale, kumuveka yatsopano. Amayenda nayo uku ndi uku akudziyang'ana pagalasi, amafunsa saizi, kenako amaijambula ndi foni n'kunena kuti, "Ndibweranso, bwana." Sabweranso ayi. Amakaitanitsa yotchipa pa intaneti, wanjinga yamoto n'kumupititsira mpaka pakhomo. Ine ntchito yanditsalira ndi yoyeza mapazi a anthu mwaulere.

Mwana wanu wamkulu uja anayesetsa, shopu anaiika pa intaneti nayonso. Mayi wina anafunsa mtengo, ndinachedwa kumuyankha poti ndinali nditagwada pamapazi a munthu. Anandipatsa nyenyezi imodzi pa zisanu, kuti aliyense aziona kuti ndine wamwano. Akuti nyenyezi imeneyo sifufutika.

Sabata yatha mlamu wanu anavala nsapato zatsopano popita kuntchito. Si za m'shopu mwathu. Nditaziyang'ana, iye anayang'ana kumbali. Zinamukwana bwinobwino, paja saizi yake ndinamuyeza ndine.

Chikwangwani chimene bambo analemba ndi dzanja lawo chija chayamba kusupuka, koma sindikuona chifukwa chogulira penti.

Kodi m'kachipinda kaja ka kuseri kwa nyumba yanu mukugona munthu? Ndangofunsa chabe.

Mundiperekere moni kwa onse.

Ndine mng'ono wanu.