Munda wa Hilda Usaperekedwe

Okondedwa achimwene a Kaliati,

Muli bwanji kumeneko ku Nkhulambe? Bondo lija likukulolani kupalasa njinga? Ine kuno ku Blantyre ng'ala ija anandichotsa, diso likuona. Akundilembera kalatayi ndi mwana wanga Hilda, poti ine cholembera sindinachigwirepo, ndipo sindinachisowepo.

Ndamva kuti mukufuna kupereka munda wake wa kumtsinje kwa Cornelius, mwana wa mng'ono wanga, ati Hilda ndi wa m'tauni tsopano. Yambani mwamva zimene ndaona.

Ntchito ya Hilda ili chonchi. M'kati mwa foni muli kachipangizo kochepa ngati chikhadabo. Asanakapange, amisiri amayamba afotokoza m'mawu mmene kadzakhalire: waya uyu achoke apa, akalowe apo. Mawuwo ndi ambirimbiri, maso a munthu sangawamalize. Ndiye Hilda akupanga pulogalamu ya pakompyuta yowawerenga. Imawagawa nthambinthambi, n'kumatsata waya aliyense mpaka kumene wathera. Tsiku lina inapeza waya mmodzi akulamulidwa ndi mbali ziwiri, eni ake osadziwa. Akuti kakanapangidwa choncho kakanangotayidwa, ngati mbiya yootchedwa ili ndi mng'alu.

Ndinamufunsa kuti pulogalamuyo ikadzatha, azidzakhala pambali pake ndani. Anati palibe, izidzawerenga yokha. Ndinafunsanso ngati mabwana ake amulonjeza ntchito ina. Anati sananenepo, n'kuseka. Ine sindinaseke. Mwanayu akuumba ndi manja ake chinthu chodzamulowa m'malo, ndipo akuchiumba bwino.

Choncho pempho langa ndi limodzi. Cornelius alime mundawo chaka chino, abzale chimanga ndi nandolo, akolole, adye. Koma asabzalemo mtengo ngakhale umodzi, kapena nthochi. Wobzala mtengo mawa amati nthaka ndi yake. Munda umenewo ndinaulandira kwa amayi, ndipo upita kwa mwana wanga wamkazi. Inu ndinu mwini mbumba, munene zimenezi anthu ali pomwepo. Sindidzapemphanso kawiri.

Mupereke moni kwa alamu anga, kwa mng'ono wanga ndi adzukulu onse. Mbuzi zanga zisamangidwe padzuwa.

Hilda akuti mundawo saufuna, mungomupatsa Cornelius. Ndamuuza kuti zimenezo adzalembe m'kalata yake. Ino ndi yanga, ndipo isanatumizidwe ndipita nayo kwa aneba akandiwerengere, ndimve ngati walemba zonse.

Ndine mlongo wanu,
Aliness