Geti ya ku Kasisi sinatseke

Alongo anga a Dailes,

Muli bwanji ku Katete? Kuno ku Chongwe tilipo, malaiti okha ndiwo avuta.

Mwana wanu Towela aphunzira bwino. Dzanja lake silinjenjemera, akawotcherera chitsulo mzere umatuluka woongoka. Koma timakangana. Iye sagwira ntchito popanda chipewa chija cha galasi lakuda. Ninamuuza kuti ine ninayamba ntchito iyi asanabadwe, na magalasi a dzuwa a pamsika, ndipo maso akatentha ninali kuikapo mbatatesi, m'mawa n'kubwerera ku ntchito. Iye ati, "Amalume, mbatatesi ni ya mumphika." Ninamukalipira mpaka azimai a pasaluni yapafupi na shopu yanga anatuluka kudzaona.

Lachiwiri tinapanga geti ya munthu wa ku Kasisi. Towela analemba mzere na choko poika mahinji otsekulira geti, koma mahinjiwo ninawotcherera ine. Titaimika geti, sinatseke. Ninatukwana chitsulo, ninatukwana na wogulitsa. Towela anangotenga gulainda yodulira chitsulo, n'kudula mahinjiwo, n'kuwaikanso bwino. Pobwerera ananifunsa pang'onopang'ono, "Amalume, mzere wa choko uja munali kuuona?" Alongo, mzerewo sininauone, ndipo mpaka lero chakudya sichinikoma.

Alongo, mudziwa kuti ine sinizungulira polankhula. Mwanayu apite ku sukulu ya ntchito zamanja ku Lusaka Januwale akubwerayu, akatenge pepala la ntchitoyi. Musanene kuti ayembekeze chaka china. Shopu ino idzafuna munthu msanga kuposa mmene ninaganizira.

Amai musawauze kanthu. Poyankha, lembani zilembo zikuluzikulu.

Ndine mlongo wanu,
Abson