Tintin Amazungulira Kumanja

Lolemba, 3 Juni

Analamula ndani kuti pa masewera otsetsereka pa ayisi aliyense azidumphira kumanzere? Ndafunsa lero kuntchito. Onse kundiseka. A Madamu Ocampo, mkulu wa aphunzitsi: "Digiri yako sinaume n'komwe inki, mwanawe." Akuti bwalo n'laling'ono, lopanikizika pakati pa mashopu, wina akalowera mobwerera agundana ndi anzake. Chifukwa chake n'chomwecho basi. Mzinda wonse wa Manila wavomera.

Ine ntchito yanga kuyeza mawondo a ana. Maphunziro onse aja a zamasewera.

Achimwene anga Efren pomwepo, jekete yofiira ya wothandizira, kugwira timanja ta ana. Munthu amene anakavina pa ayisi ku Japan ndi ku Korea, dzina la dziko lili kumsana. Akutsimphina. Ndimayang'ana kumbali.

Lachinayi, 6 Juni

Mwana watsopano, Tintin. Mano akutsogolo palibe. Ndamuvula nsapato, ndati tazungulira pansi apa. Kumanja, ngati nguli, akuseka. Pa ayisi a Madamu akumupotolera kumanzere. Kugwa. Kudzuka. Kugwa.

Kunyumba ndatulutsa makanema a mipikisano ya achimwene amene amayi amasunga. Kudumpha kwakukulu kuja, kozungulira katatu ndi theka, kumene kunawakana moyo wonse. Akangonyamuka, phewa likuthawira kumanja. Filimu iliyonse! Kenako ndakumbuka tili ana, akuzungulira pabalaza mpaka kugwetsa fani. Kumanja.



Loweruka, 8 Juni

Ndawauza achimwene m'jipu yonyamula anthu, mvula ili puu, magalimoto osasuntha. Ndati achimwene, inu ndinu wakumanja, anachita kukutembenuzani. Poyamba nthabwala: "Iwe Ning, ku yunivesite ankakuphunzitsa zowombeza?" Ndaonetsa pa foni. Ayang'ana, abweza.

"Ukufuna kundiuza kuti unyamata wanga wonse, bondo ili, munda wa ababa umene tinagulitsa ku Batangas, ndinkalowera kolakwika? Idya banzi lako la pandesal ukhale chete."

Kunja sanafikepo ngakhale pafupi ndi mendulo. Anyuzi ankati alibe mtima, amanjenjemera pagulu. Iwo anakhulupirira. Ifenso.

Lachitatu, 12 Juni

Ndapita kwa a Madamu. Sindinapemphe zambiri, ndangoti Tintin ayese kumanja mwezi umodzi. Sanakweze mawu. "Efren ndinamutola alibe ndi nsapato zomwe. Jekete wavalayo anamupatsa ndani? Ukapitiriza zako, muchokera limodzi."

Amayi amva kale. Akuti a Madamu ndi mayi wa ubatizo wa achimwene, ndisawachititse manyazi kutchalitchi. Achimwene sakundilankhula. Ntchito ina angaipeze kuti, munthu wodziwa ayisi yekha m'dziko lotentha chonchi?

Tintin ntchafu yonse yada ndi kugwa. Pomumanga bandeji wandinong'oneza: "Anti Ning, ine ndine mbuli eti?"

Mawu omwewa ndinkawamva kuchipinda cha achimwene, akabwera kuchokera ku mpikisano.

Lachisanu, 14 Juni

Sindinanene kanthu. Ndayeza mawondo. Ndikuzolowera, ndipo ndi zimene zikundiopsa.

Lachiwiri, 18 Juni

Ndalawirira, mashopu asanatsegule. Pa ayisi munthu mmodzi, wopanda jekete. Achimwene. Sanandione.

Akuyenda mobwerera. Anyamuka, kumanja. Kuzungulira kumodzi kokha, kudumpha kwa ana. Koma kutera kwake! Phee, ngati mphaka. Ayesanso, kawiri m'mwamba, pa bondo lowonongeka lija, popanda wowaphunzitsa. Kutera chimodzimodzi.

Kenako angokhala pansi pa ayisi. Nthawi yaitali, buluku likunyowa. Ndimayembekeza kuti ndisangalala, popeza zanga zatsimikizika. Ayi ndithu. Bola ndikanakhala wolakwa.

Atandiona: "Usakawauze amayi."

Masana Tintin wabwera. A Madamu ali pa mpanda, khofi m'manja. Achimwene avala jekete, amugwira mwana mapewa. Aima pang'ono. Amutembenuzira kumanzere.

Wagwa. Amudzutsa okha, osamuyang'ana kumaso.

Lachinayi, 20 Juni

Achimwene salankhula za Tintin kwa a Madamu. Ndawadikira dzulo lonse, ndaona, salankhula. Sindikuwada. Zawo zinatha kale, chatsala ndi jekete.

Ndikayamba ine, jeketeyo ipita. Amayi sadzandikhululukira. Mwinanso mayi ake a Tintin angondiona ngati kamtsikana kodzimva, n'kukaulula kwa a Madamu, mwana n'kumagwabe kumanzere mpaka kukula. Ndiye kuti ndawononga zonse pachabe.

Ndavula baji yanga ya ntchito, ndaisiya pa tebulo la a Madamu. Ndatsika, ndakaima pa masitepe oyenda okha mpaka mayi ake a Tintin atulukira, chikwama cha nsapato za mwana chili paphewa. Ndati mayi, pepani, imani kaye. Ndayambira pa nkhani ya achimwene.