Mzere Umene Munakhwatcha

Ulongwe, Angónia
14 Outubro 2024

Okondedwa achimwene a Zacarias,

Ndikhulupirira muli bwino ku Maputoko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Amayi mwendo uja ukuwavutabe, koma pakamwa pali bwinobwino. Anthu atha kugalauza minda, fumbi lili ponseponse, maso onse ali kumwamba. Ndalemba papepala chifukwa mauthenga a pa telefoni mumawerenga n'kukhala chete, ndipo ine ndimaona kuti mwawerenga. Pepala lili ndi ulemu, silindiuza.

Nkhani ndi ya Chizimalupsa, pulogarama yathu ija. Ikadali moyo. Lachisanu lililonse imatumizabe kwa alimi mtengo wa kachewere ndi nyemba pa msika wa Ulongwe, ndi tsiku lobwera makamyau, malole aja a ku Tete. Asosiyasau ya alimi a ku Tsangano, bungwe lawo lija, inatenga kope lake, a ku Macanga anatenganso. Mwana wanu wayenda kuposa mmene munkaganizira.

Mukukumbukira kumene inabadwira? Kachipinda ka kuseri kwa chigayo cha abambo, mu 2012, chifukwa kokhako ndi kumene magetsi sankanama. Inu ndi mnzanu Gervásio pa komputadori imodzi, kulandana mpando, ine pambali ndikukonza mauthenga kuti akhale Chinyanja chimene munthu wa ku dimba angamve. Ufa unkalowa m'mabatani mpaka chilembo china chinkafuna kuchimenya ndi chala chachikulu. Malemu abambo ankasuzumira n'kufunsa, "Kodi awa akugayanji osatulutsa ngakhale gaga?"

Tsiku losankha lisensa, lamulo la kagawidwe ka pulogaramayo, ndimalikumbukira ngati dzulo. Munasindikiza GPL ya nambala 2 n'kuimirira kutiwerengera ngati wansembe wa ku Fonte Boa: aliyense atenge, asinthe, agawe, koma chimene wagawacho chikhale chotseguka pansi pa lamulo lomweli. Gervásio anati imeneyo ndi mbewu ya nyemba yopempha kwa mnansi, ukakolola sungamane wina wodzapempha kwa iwe. Kenako munafika pa mzere wonena kuti "kapena mtundu wina uliwonse wotsatira". Nambala 3 inalipo kale, koma munati ndi yaitali, simunaiwerenge. Munatenga cholembera n'kuukhwatcha mzerewo.

"Iwe, usiye," anatero Gervásio. "Sudya chakudya chako umenewo."

"Ine sindipereka lobola kwa mkazi amene sindinamuone," munayankha.

Tinaseka mpaka wogayitsa wina anabwera kudzaona ngati makina adya munthu.

Mzere umenewo ndi umene wandilembetsa kalatayi. Alimi ambiri, makamaka amayi, sawerenga. Uthenga ukafika amadikira mwana abwere ku shikola, ndipo mwana akamafika kamyau yapita kale. Nilton, mphunzitsi wa za makomputadori amene amasamala pulogaramayi tsopano, wapeza bibliyoteka yotumiza uthenga wa mawu, telefoni izilira, munthu azingomvera. Inu sindikufotokozerani bibliyoteka. Amayi okha ndi amene ndinawauza kuti ndi kodigo, malangizo a komputadori, imene anthu ena analemba kale, ife timangolumikiza ku yathu.

Vuto ndi lakuti lisensa yake ndi Apache 2. Ndi yotseguka, yopanda malipiro, anthu ake ndi abwino mtima ngati ife. Koma ili ndi mfundo zake zokhudza mapatente, umwini wa zinthu zimene munthu watulukira, zimene GPL 2 sizidziwa, ndipo GPL 2 silola kuwonjezeredwa lamulo lina pamwamba pake. Nambala 3 ija munaikana imailandira popanda chovuta. Tikanakhala kuti pulogarama timagwiritsa ntchito tokha m'chipinda, palibe akanatifunsa. Koma timagawa, ndipo kugawa ndiye chifukwa chake inabadwa. Mzere uja ukanakhalapo, Nilton akanasamukira ku nambala 3 osagogoda pakhomo la munthu. Popeza mulibe, aliyense amene analembamo ayenera kuvomera. Olemba ndife atatu. Ine ndavomera kale, sindinadzivute.

Za malemu Gervásio, Nilton anati ufulu wa wolemba sumaikidwa naye m'manda, umatsala kwa olowa m'malo mwake. Choncho Loweruka lapitali ndinakwera chapa, kaminibasi kathu kaja, kupita ku Lifidzi kwa Telma, mkazi wake. Iye anaitana a Paulino, amalume ake a malemu, kuti pasadzakhale mawu akuti katundu anagawidwa mobisa. Mukuwadziwa a Paulino. Anabwera ndi jekete m'dzuwa lonse lija, poganiza kuti pali njinga yamoto yoiwalika.

"Katunduyo ali pati? Mwabwera naye?" anafunsa.

Ndinawaonetsa telefoni.

"Iyi ndi yanu. Ya mphwanga ili kuti?"

Ndinafotokoza kuti ndi mawu amene Gervásio analemba, amene amasankha kuti uthenga uwu upite ku mudzi uti.

"Amagulitsika?"

"Ayi."

"Amagawika pakati?"

"Aliyense angathe kutenga onse, ndipo amatsalabe onse."

A Paulino anavula jekete. "Ndiye mwandiitaniranji? Katundu wosayambanitsa abale ndi katundu wanji?" Anavomera pomwepo, ndipo anapempha kuti nambala yawo ilowe pa olandira mtengo wa nyemba.

Telma sanaseke. Anadikira amalume apite kukaona mbuzi zawo, n'kundifunsa, "Nanga anzawo aja, avomera?"

Achimwene, sindikufuna kukumba za 2016. Ndingonena zimene tonse tikudziwa. Kampani ija ya adubu, yogulitsa feteleza, inafuna kugula Chizimalupsa n'kuitseka kuti ikhale yawo yokha. Inu munafuna, ndipo sindikuweruzani, alamu anali oyembekezera. Gervásio anati gawo lake silitsekedwa, n'kukutulutsirani pepala lomwe lija munatiwerengera mutaimirira. Mfundo munamanga nokha, n'kudzapeza yagwira mwendo wanu. Munakwera basi ya ku Maputo. Pa maliro ake, chaka cha dzana, munatumiza chipepeso kudzera kwa ine, ndipo ndinachipereka ndi mawu okoma kuposa amene munandipatsa.

Chimene simukudziwa n'chimene Telma anandiuza tili khale pakhonde. Gawo lanu lija, losunga mauthenga pamzere netiweki ikathawa, ndi lochedwa. Tonse tikudziwa, linali lochedwa kuyambira kuchigayo. Telma akuti Gervásio ankalitukwana Lachisanu lililonse, mwina n'kumenya tebulo. Iye ankamufunsa, "Bwanji osangolichotsa n'kulemba lako?" Yankho linali limodzi zaka zonsezo: "Asa, munda wa mnzako sugalauza iye asanabwere. Mwini wake abwera."

Nilton alibe ulemu woterowo, ndipo si mlandu wake, sakukudziwani. Akuti mukakhala chete, iye achotsa gawo lanu lonse n'kulemba lake osayang'ana lanulo, kuti lisensa isamugwire. Akuti si ntchito yaikulu. Anandiuza zimenezi akumwetulira, poganiza kuti akunditonthoza. Mvula ikagwa alimi adzafuna kumva mtengo wa mbewu, choncho sangadikire kupitirira mwezi wa mawa. Ndipo akunena zoona. Amayi a ku Lifidzi sangaphonye kamyau chifukwa choti anyamata awiri anayambana kalekale.

Ine ndinatsegula gawo lanulo dzulo masana. Sindimva zonse, koma timawu munkasiya pakati pa kodigo ndimatimva. Pena munalemba kuti, "Apa ndagona, Gervásio amalize." Pena, "Inácia asakhudze." Nilton akalichotsa, m'pulogaramayi mudzatsala dzina la womwalira ndi langa. La mnzake wamoyo ndilo lidzasowe. Sindikudziwa ngati zimenezo zikukukhudzani. Ine ndangoona kuti n'zosalongosoka.

Pempho langa ndi laling'ono: vomerani kuti gawo lanu lipite ku nambala 3. Mkazi uja munakana kumulowola wakula tsopano, ndipo mwakhala ndi nthawi yokwanira yomuona.

Loweruka loyamba la Novembro akumanga chiliza cha Gervásio. Telma wagula simenti ndi ndalama za kachewere wake, wakana thandizo la aliyense. Chipinda cha kuseri kwa chigayo chilipo, muli matumba a gaga, koma mpando uja ndinausunga. Mwendo umodzi ndi waufupi monga kale.

Amayi akupereka moni. Akuti musawagulire kapulana ina, zitenje ali nazo zambiri, alibe wozionetsa. A Paulino akupereka moni, akuti ngati inunso muli ndi katundu wosagawika mubwere naye. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, muwauze kuti kuno mapichesi ayamba kuonetsa.

Telma naye akupereka moni. Anafunsa ngati kuvomera kwanu kungabwere pa telefoni. Nilton akuti uthenga wa mizere iwiri ndi wokwanira, ngakhale lero lomwe. Koma ine ndinamuuza Telma kuti lamulo lake ndi lovuta, limafuna mwini wake abwere yekha adzalembe dzina ndi dzanja lake, olowa m'malo akuona. Wakonza kale mphasa ya alendo.

Musandichititse manyazi pamaso pa namfedwa.

Ndine mlongo wanu,
Inácia