Burashi ya Magetsi Pankhope ya Kambalame

Lolemba, 31 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Nanga alamu, chifuwa chinawasiya? Mwezi watha munati akugona chokhala, ndipo sindinamvenso. Ife kuno tilipo, ine ndi mwana wanu Kambalame, kupatula nkhani imene mwaimva theka. Lero ndikufuna muimve yonse.

Uthenga wanu wa mawu wa Lachitatu pa 26 ndinaumvera katatu. Munati ndimukweze basi mwanayu abwerere kwa inu nkhope yake isanathere kuno, ndipo munanditchula dzina langa lonse, zimene simunachitepo chimwalirireni mayi ake. Sindinayankhe dala. Mukundidziwa inu, pafoni ndimayambira kumapeto, inu n'kundidula mawu, ine n'kungoti eya. Papepala ndimayenda bwino. Muwerenge mpaka pansi, kenako mundiweruze.

Kuntchito zili momwemo. Ndikadali pansanjika yachitatu ndi yachinayi, kupukuta pansi ndi makina aja ndinakuonetsani pachithunzi. Atipatsa kapitawo wachinyamata amene amayendetsa chala kunsi kwa madesiki kufunafuna fumbi. Kwa ine sanalipeze. Eni nyumba anakonza denga pa 8, koma mpopi wapanja ukudonthabe.

Tsopano za mwana. Ziphuphu zinayamba chaka chatha mu Ogasiti, zochepa, pamphumi pokha. Pofika mu Febuluwale zinali zitatsikira m'masaya ndi pachibwano. Atsikana ena a m'kalasi mwake anamupatsa dzina loti Chinanazi. Anandiuza akuseka, koma tsiku limenelo sanadye. Ine sindinkadziwa kuti bambo amanena chiyani pa nkhani ngati imeneyi. Inu mukanadziwa.

Loweruka pa 1 Malichi ndikuweruka ndinaima pa sitolo ya zodzoladzola pafupi ndi siteji. Mtsikana wogulitsa anandionetsa kaburashi kotsukira nkhope, kotchaja ngati foni, kokhala ndi mutu wozungulira. Atakayatsa ndinangomwetulira. Achemwali, anali makina anga a kuntchito enieni, kungoti akhanda. Ndinaganiza kuti pa zinthu zonse za atsikana zimene sindizidziwa, Mulungu wandipatsa chimodzi chimene ndikuchidziwa. Ndinagula.

M'bokosi munali kapepala ka Chingerezi ka zilembo zing'onozing'ono. Kambalame anati ndimupatse awerenge. Ndinamuyankha kuti makina otere ndagwira zaka khumi ndi zinayi, sindingaphunzitsidwe ndi pepala. Ndinakapinda bwinobwino n'kukaika mu envelopu ya mapepala ofunika, pamodzi ndi masatifiketi ake. Kulakwa koyamba kunali kumeneko.

Ndikuuzeni mmene timagwirira ntchito, kuti muone pamene ndinasochera. Pansi pakakhala banga louma, timaika chokhulira chakuda cholimba, timathira sopo wamphamvu, n'kutsamira pamakina ndi thupi lonse, osachoka mpaka banga litatha. Chokhulira choyera chofewa ndi cha kumapeto, chowalitsira. M'bokosi muja munalinso mitu iwiri, wina wofewa ngati ubweya wa kamwana ka mphaka, wina wolimba. Wofewa ndinausunga kuti tidzawalitsire pomaliza. Sopo ndinasankha wa mtanda wochapira zovala, poti ndi amene amachotsa mafuta pa ovololo yanga.

Tinayamba Lamulungu pa 2. Kaburashi kaja kanazungulira pang'ono n'kudzizimitsa. Ndinayeza ndi wotchi, kankazima pakatha masekondi makumi asanu ndi limodzi ndendende. Kuntchito makina akamazima okha timalemba lipoti kuti awonongeka. Ndinafuna kukabweza ku sitolo, koma ndinaona kuti ukadinanso kamayaka. Ndiye ndinalamula kuti azidina kasanu m'mawa, kasanu madzulo, akukanikiza bwino pamene pali ziphuphu zambiri. Ine ndinkaima pakhomo ndi wotchi, tikamaliza n'kuchonga pa kalendala. Kenako ndinkakamanga mu jumbo kakadali konyowa, kuti kasalowe fumbi.

Masiku atatu oyamba nkhope inasalala n'kumawala. Kambalame ankaimba posita yunifolomu. Ine ndinkayenda ngati dokotala. Tsiku lachisanu ndi chimodzi masaya anafiira, ndipo anandiuza kuti ngakhale madzi okha akumuwawa ngati tsabola. Ndinamuuza kuti apirire, chifukwa pansi ukamachotsa polishi wakale pamayamba paipa pasanawale. Mawu amenewa ndinawanena ine ndi pakamwa panga, kwa mwana wanga. Sindikuwabisa.

Ndawerengera. Kuyambira pa 2 mpaka pa 20 ndi masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Mphindi khumi pa tsiku, zonse pamodzi ndi mphindi 190, kapena kuti maola atatu ndi mphindi khumi. Pambuyo pake anandiululira kuti masiku ena ankawonjezera yekha masana, poganiza kuti zitha msanga. Zimenezo sizili pa kalendala.

Lachinayi pa 20 aphunzitsi a kalasi yake anandiimbira ndili pakati pa ntchito. Anafunsa ngati mwana akudwala, poti sanamuone kuyambira Lolemba pa 17. Ndinapempha kapitawo ndi kuthamangira kunyumba. Pakhonde ndinakumana ndi amayi a khomo lachiwiri, aja amagulitsa mazira. Iwo anati akhala akudikira kuti ndizindikire ndekha: mwana amavala yunifolomu ine ndilipo, ndikangokhota pakona amavula. Anawonjezera kuti akhala akumva kulira kwa kamakina kaja kudutsa khoma, ndipo ankaganiza kuti ndikumeta ndevu kasanu pa tsiku. Nditawafotokozera anagwira pakamwa, n'kundifunsa ngati ndinabereka mwana kapena simenti.

Ndinamupeza atakhala pabedi, makatani otseka, galasi ataliyang'anitsa kukhoma, nsalu yonyowa ili kumaso. Ndinatsegula katani. Ine ndimachoka kusanawale bwino n'kubwera dzuwa litapendeka, ndiye nkhope yake ndinali ndisanaione padzuwa. Khungu linali litang'ambikang'ambika, likusupuka m'mbali mwa mphuno, ndipo ziphuphu zinali zitafika m'nsagwada mpaka m'khosi, kumene kale kunalibe. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanakanire. Anati akanakana bwanji, pamene ababa ake ankaima pakhomo m'mawa uliwonse ndi wotchi ngati oimbira mpira, akusangalala kuti apeza chomuthandizira. Ndinakhala pansi penipeni. Tsiku limenelo ndi limene anakutumizirani chithunzi cha nkhope yake chija.

Ku chipatala odwala matenda a pakhungu amawaona Lachiwiri lokha, ndiye tinapita pa 25. Ndinanyamula burashi, mitu yonse iwiri, sopo, jumbo ndi kalendala. Anamwino anali mayi wachikulire wa magalasi. Anamasula jumbo, ananunkhiza, n'kuikankhira kutali ndi cholembera. Anayang'ana kalendala nthawi yaitali, kenako anandifunsa ntchito imene ndimagwira. Nditawauza anavula magalasi n'kunena kuti tsopano amvetsa. Anati pa odwala awo onse sanaonepo munthu wolakwitsa mosamala chonchi. Kambalame anaseka mpaka kugwira tsaya chifukwa cha kuwawa.

Ndilembe zimene ananena, poti ndinazilemba pomwepo kuseri kwa kalendala. Anati ziphuphu si litsiro. Zimachokera mkati, mafuta a pakhungu akachuluka pa msinkhu wakewu n'kutseka timabowo. Anati khungu la Kambalame ndi lanthete, ndipo kukhula kunachotsa kachikopa kamene kamaliteteza, kunaphulitsa ziphuphu n'kumwaza tizilombo nkhope yonse. Jumbo yanga ija anati inali khola loweteramo tizilombo tomweto. Kuzima kuja sikunali kuwonongeka, anakapanga dala kuti munthu asapitirire mphindi imodzi. Mutu wolimba uja si wa kumaso n'komwe, ndi wa m'zigongono ndi zidendene. Titafika kunyumba tinatulutsa kapepala kaja mu envelopu, Kambalame n'kundiwerengera mokweza. Zambiri zinalimo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma phula langali wadya ndi mwana.

Malangizo ndi awa. Burashi asaigwiritsenso ntchito pamene pali chiphuphu chotupa kapena chilonda. Anamwino anati akadzachira, ngati akufunabe, ndi mutu wofewa wokha, kamodzi pa sabata, mphindi imodzi, osakanikiza, n'kuutsuka ndi kuuyanika. Koma anati iwo akanakhala mayi ake akanangoiiwala. Panopa akusamba ndi manja okha, madzi ofunda pang'ono, sopo wofewa wopanda fungo, m'mawa ndi madzulo. Popukuta amangogunditsa thaulo, osakwecha. Akudzola mafuta opepuka opanda fungo amene anatilembera, ndipo padzuwa azivala chipewa. Mankhwala enieni a ziphuphu ayamba pa 8 Epulo kufiira kukatha, ndipo anatichenjeza kuti amatenga masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu kuti munthu aone kusintha. Mandimu aja munauza Kambalame mutangoona chithunzi ndinawafunsira. Anati pakhungu long'ambika chonchi ndi moto, ndiye musavutike kutumiza.

Kambalame anawafunsa ngati zipsera zidzatsale. Sanamunamize. Anati mabanga akuda amazimirira pang'onopang'ono, mwina miyezi ingapo, bola asamazifinye. Lero ndi tsiku la khumi ndi limodzi chisiyireni burashi. Kusupuka kwatha, kuwawa kwachepa kwambiri, koma ziphuphu zikadalipo. Sindikunamizani kuti wachira.

Burashi ija ndinapita nayo kuntchito Lachisanu. M'mizere ya chitseko cha chikepe mumakhala litsiro limene makina aakulu safika. Achemwali, inayeretsa ngati yabadwira pomwepo. Kapitawo anayendetsa chala, anayang'ana, n'kundifunsa komwe ndinaigula. Nditamuuza Kambalame anati ndi bwino, yabwerera kwa abale ake.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Mwanayu wajomba masiku khumi a sukulu, kuyambira pa 17 mpaka pa 28. Mayeso ake omaliza akuyamba Lolemba pa 2 Juni, masiku 63 kuchokera lero. Dzina lake linalembetsedwa kuno. Aphunzitsi anandiuza kuti akachoka panopa sangalembere kwina chaka chino, ayenera kubwereza chaka chonse. Inu mukudziwa kuti ine ndinalekera pulayimale, ndipo mukudziwa zimene munadzimana kuti iye afike pamene wafikapa. Sindikufuna kuti chaka chake chithere pa burashi yanga.

Dzulo tinakhala pansi. Anandiuza kuti sanandikwiyire, koma watopa ndi maso a anthu, ndipo akufuna kukakhala kumene munthu angamuyang'ane osayamba ndi masaya. Pomaliza tinagwirizana kuti sabata ino apite kusukulu, koma ngati azakhali ake anenabe kuti abwere, akwera basi Loweruka pa 5. Mawu anga panopa ndi opepuka kwa iye, ndipo ndi ine ndinawapeputsa. Anu akadali olemera. Munamulera zaka zisanu ndi zinayi, amakumverani.

Lero m'mawa ndinapempha kuyamba ntchito mochedwa. Anatuluka 6:40, atavala chipewa, wopanda nsalu kumaso. Ndinamutsatira chapatali. Tili pafupi ndi siteji anatembenuka n'kundiuza kuti ababa abwerere, akumuchititsa manyazi kuposa ziphuphu. Ndinabisala kuseri kwa kagolosale mpaka basi inanyamuka. Anakhala pawindo, sanawerame. Mmene zamuthera kumeneko sindinadziwe, chifukwa ndikulemba pa nthawi yopuma masana, m'kachipinda kosungira makina, kuti kalata ipite ndi adalaivala a basi ya 3 koloko.

Ikupezani mawa. Chonde muimbe Lachitatu chakumadzulo, muyankhule naye yekha, ine ndidzatuluka panja. Ine mundikalipire mmene mungafunire, tsiku lililonse, ndidzangoti eya. Koma iye mumuuze kuti atsale alembe mayeso, ndipo mumuuze kuti pa 20 Juni akamaliza pepala lotsiriza ndidzamuperekeza ndekha mpaka pakhomo panu. Chikwama chake analongedza kale, chili kuseri kwa chitseko, nsapato zili pamwamba. Ndikamasesa ndimachizungulira. Ine sindichikhudza, amene angachimasule ndinu.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze asasiye mankhwala chifukwa choti ayamba kupeza bwino. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa ana anu onse, ndi kwa kamdzukulu kathu kamene sindinakanyamulebe. Mukaonane ndi agogo ake a Kambalame a kuchikazi, koma chithunzi chija musawaonetse.

Khalani bwino mpaka ndidzamve mawu anu.

Ine mlongo wanu wamng'ono,
uja mumamuti Chetechete