Magalamu Mazana Awiri

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Ndafika kwathu ndi ndowa ziwiri, sikelo ya kukoleji ndi mantha. Ndilembe ntchito yake pano kuti ndisamadzinamize. Mumchenga wakuda wa kugombe kwathu kuno muli timiyala totuwa, tolemera, totchedwa zikoni. M'kati mwa zikoni muli zitsulo ziwiri, zikoniyamu ndi hafiniyamu, zofanana khalidwe moti asidi amene wasungunula china amasungunulanso chinzake. Ine ndikufuna kudziwa kuti hafiniyamu alimo wochuluka bwanji. Oyeza ndi makina, ndipo makinawo atipatsa tsiku limodzi lokha chaka chino.

Madamu Nkhoma, amene akuyang'anira kafukufuku wanga, adutsa pano Loweruka m'mawa kudzatenga magalamu 200 a zikoni wosasakanikirana ndi mchenga wamba. Akapanda kuwapeza, ndibwereza chaka. Ananena akumwetulira, koma mayi aja sanena zocheza.

Amayi andilandira bwino mpaka pamene anaona ndowa. Ati zaka zinayi ku yunivesite, mwana n'kubwera kudzasewera ndi mchenga ngati wa sukulu ya mkaka. Ndawauza kuti iyi ndi sayansi. Ati chabwino, sayansiyo isalowe m'nyumba, asesa kale.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Mose wokonza mawailesi wandibwereketsa maginito a sipika yakufa. Ukawakulunga m'pulasitiki n'kuwayendetsa pamchenga wouma, zakuda zija zimadumphira zokha. Zotsala ndi mchenga wamba ndi zikoni, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Buku likuti uzunguze m'madzi m'beseni, wopepuka apite, wolemera atsale. Silikunena kuti dzanja lizichita bwanji. Ndikazunguza mwamphamvu zonse zikupita. Ndikachita pang'onopang'ono zonse zikutsala.

Magalamu 31 tsiku lonse. Msana ngati ndalima ekala.

Mose wafalitsa kale kuti ndikufuna golide. Lero andipatsa moni anthu atatu amene sanandipatsepo moni chibadwire.

Lachitatu, 7 Ogasiti

104 onse pamodzi. Alhamdulillah, dzanja layamba kumva.

Ndayesa kuwafotokozera Amayi za zitsulo ziwiri zija, iwo akusankha mpunga wawo wa ku Lifuwu. Ati ndiye zili ngati mpunga wa faya ndi wa kilombero zikalowa m'thumba limodzi. Ndati eya, koma izi n'zovuta kwambiri, pamafunika makina odula kuposa mudzi wonse uno. Ati iwo amangonunkhiza. Ndawasiya, munthu sungatsutsane ndi mphuno.

Pakhomo pali piringupiringu, mawa kuli sadaka ya malemu amalume.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Sindikufuna kulemba koma ndilemba.

M'mawa ndinali ndi 176. Ndinamuyanika zikoni wanga m'mbale pathandala kuseri kwa nyumba, n'kupita kukathandiza kugawa chakudya pa sadaka. Pobwerera ndinapeza mbale ija yotsukidwa, yovundikiridwa bwinobwino. Pambali pake mapoto a sadaka ali ndandanda, akuwala moti ndinadziona nkhope mmenemo, nkhope ya munthu wobwereza chaka.

Amayi anabwera akusangalala. "Abasi mwanangu, sukulu ija yayamba kubala. Mchenga wakowu, mwaye ukungochoka wokha. Mawa utipangirenso wina, a Shukuru oyandikana nafewa akuufunanso."

Anatsukira kunyanja. Masiku atatu a ntchito abwerera kumene anachokera, limodzi ndi sopo.

Ndinapsa mtima. Ndinalankhula zambiri, koma chimene chikundiwawa n'chimodzi. Ndinati vuto la anthu osapita kusukulu n'lakuti chilichonse amachiona ngati chotsukira poto. Pamaso pa azimayi anzawo. Amayi anangotola mapoto awo limodzilimodzi n'kulowa nawo m'nyumba.

Ndikuchita manyazi, ndipo ndikadali wokwiya. Sindikudziwa kuti chachikulu n'chiti.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Tiyi Amayi anandiikira pakhonde osandiyang'ana.

Ndinalawirira kugombe kukatapa mchenga wina. Pofika nthawi ya mapemphero a Juma ndinali ndi 22 yokha, chifukwa dzanja la munthu wamantha limataya chilichonse. Kumzikiti ndinapempha mochokera pansi pa mtima. Sindikhulupirira kuti m'Salima muno alipo wina anatchulapo hafiniyamu pa pemphero la duwa.

Masana ndili kuseri ndi beseni langa, Amayi anadutsa kukayanika zovala. Anadutsanso. Ulendo wachitatu analibe chovala chilichonse m'manja. Anaima n'kumandiyang'ana mmene amayang'anira mpongozi wosadziwa kupeta. Amayi anga chipongwe amatha kuchimeza, koma kuona ntchito ikuwonongeka sangapirire.

"Iwe ukufuna chopita ndi madzi kapena chotsalira pansi?"

Ndinati chotsalira pansi.

"Ife potsuka mpunga chotsalira pansi ndi miyala, timataya. Ndiye sukulu yako ndi yotola zimene ife timataya. Suntha."

Beseni langa analikankhira kumbali ndi phazi, n'kutenga mbale ziwiri. Anapendeketsa imodzi, n'kumaigwedeza pang'onopang'ono, madzi akusefukira mu inayo limodzi ndi mchenga wopepuka. Kenako kubwezera madzi aja, kugogoda m'mbali ndi chala chachikulu, kupendeketsanso. Pansi panatsala kamzere kotuwa kopanda chitsotso. Ine zimenezi zimanditengera ola, iwo akuchita uku akukalipira nkhuku.

Ntchito yanga inasanduka yotunga madzi ndi kuyendetsa maginito. Titaumitsa pa lata, sikelo inati 263. Ndinayeza katatu, mwina sikelo ikundimvera chisoni. 263.

Ndinathokoza. Anangoti ndichotse ndowa zanga panjira.

Loweruka, 10 Ogasiti

Madamu anafika cha m'ma 9. Anathira pang'ono papepala n'kuyang'ana ndi kagalasi kawo nthawi yaitali, mpaka ine ndinayamba kuganiza za chipinda chimene ndidzagone chaka chamawa. Kenako anati mwa ophunzira awo asanu ndi mmodzi, zikoni wangayu ndiye woyera kuposa wa onse, kuposa ngakhale wa Triza amene anapangira wake mu labu. Anafunsa kuti ndinagwiritsa ntchito njira yanji.

Ndinayamba ndi Chingerezi chachitali. Amayi anali pakhonde ndi lichero lawo, osadzutsa mutu. Chingerezi chija chinandithera m'kamwa. Ndinangoloza.

Madamu anavula nsapato n'kukakhala pamkeka ndi Amayi, akuwatchula dzina lawo, a Safia uku, a Safia uko, theka la ola lathunthu, ine ndili chiimire ngati mtengo wa magetsi. Sindinamve zonse, koma mawu akuti mapoto ndinawamva kawiri, ndipo kawiri konseko Madamu anaseka mpaka kupukuta misozi.

Zikoni wapita. Koma pokwera galimoto Madamu anandiitanira pawindo. Ati njirayi ndiilembe mu lipoti ndi dzina la mwini wake. Ati ndipo mu Okutobala, tsiku loimirira pamaso pa oyesa, padzakhala mbale ziwiri ndi ndowa ya mchenga, ndidzaonetse ndi manja anga. Ndikadzalephera, ndiye kuti ntchitoyi si yanga. Ananenanso akumwetulira.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Amayi ndinawapeza kuseri atangomaliza kusesa. Ndinanjuta n'kupepesa pa mawu aja a Lachinayi, onse, osasiyako. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anati pepani sapoletsa chilonda, n'kundipatsira mbale ziwiri.

A Shukuru anali atatsamira kale pampanda, ndipo anaitana anzawo awiri kuti adzaone wa ku yunivesite akuphunzira kutsuka mpunga. Kasanu konse ndinataya zonse. Ndikataya, kumpanda kuja chikhakhali. Mmodzi anati andipezere mkazi msanga ndisanafe ndi miyala m'mimba.

Ulendo wachisanu ndi chimodzi Amayi anabwera kumbuyo kwanga n'kugwira manja anga ndi awo. Ndinali nditaiwala kuti ndi okhakhala chonchi. Anati ndisamayang'ane madzi, ndizimvera kulemera m'manjamu. Tinagwedeza limodzi, tinagwedeza, ndipo sindinadziwe nthawi imene anandisiya ndekha.

Pansi pa mbale panaoneka kamzere kotuwa, kopyapyala ngati ulusi. Ndinatembenuka kuti ndiwaonetse.

"Ndaona," anatero. "Thira wina."