Chipinda Chapakati

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likuvutabe? Mankhwala akuchipatala aja muzimwa, musamangowasunga m'kabati ngati mbale za alendo. Kuno tadzuka, ine ndi mzime wanu.

Tsopano khalani pansi, chifukwa ndili ndi chilengezo chachikulu. Mwana wanu wachisamba, amene munamuvinira tsiku limene anavala mkanjo wa kuyunivesite, wamaliza kumanga chimbudzi cha nsomba. Sichidontha. Aneba mukhoza kuwauza, koma musankhe mawu.

Ndilongosole. Kusitolo kumene ndimagwira ntchito timasamalira nsomba za m'nyanja yamchere, zimene anthu amaweta m'mathanki agalasi kuti azingoziyang'ana. Sazidya, Amayi, ndinafunsa kale. Dokotala wina wa mano ali ndi thanki yotere m'chipinda chodikirira, kuti odwala aziiwala zimene zikuwayembekezera kuseri kwa chitseko. Muli nsomba zamawangamawanga ndi makorali, tinthu tamoyo tooneka ngati maluwa omera pamwala, tosachedwa kufa madzi akangoda pang'ono. Madzi ake anayamba kuda, ndiye abwana anandituma kuti ndikonze thanki ina yaing'ono yoika m'kabati, pansi pa yaikuluyo. Madzi amatsikira m'menemo, amayeretsedwa, pampu n'kuwabwezera kumwamba. Odwala amangoona zokongola, ntchito yonse ili kuseri kwa zitseko za kabati.

Thanki yapansiyi ndinaigawa patatu ndi zipupa zagalasi. Chipinda choyamba chimalandira madzi, ndipo muli makina amene amachotsa litsiro pochita thovu. Chomaliza ndi cha pampu. Chapakati ndiye nkhani yanga. Mmenemo timaikamo mchenga, timiyala ndi ndere za m'nyanja, pamwamba pake kanyali. Nderezo zimamwa zoipa za m'madzi, ndipo mkati mwake mumaswana tizilombo tating'ono ngati nsabwe, timene kumwamba kuja nsomba zikanatimaliza dzuwa lisanalowe.

Ntchitoyi ndikanatha kuigwirira kusitolo, koma ndinapempha abwana kuti ndikaigwirire kunyumba. Chifukwa chake ndi mzime wanu. Pafoni amakuuzani kuti ali bwino. Sali bwino, Amayi. Kuyambira pamene anatseka fakitale imene ankagwirako, sanatsikepo masitepe a nyumba ino. Amagona choyang'ana kukhoma, makatani ali otseka. Chakudya chimene ndimamusiyira m'mawa ndimachipeza chili chivundikirire. Munthu uja ankatilanda mawu tonse pakhomo, lero ukamufunsa kanthu amayankha ndi phewa.

Ndinayala magalasi pakati pa chipinda chathu, pamalo poti sangapite kubafa osawalumpha. Ndinayamba kudandaula mokweza kuti manja awiri sakwanira kugwira chipupa ndi kupaka guluu nthawi imodzi, zomwe ndi zoona pang'ono. Anandisiya ndidandaule mpaka ndinayamba kudzimvera chisoni chenicheni. Kenako anadzuka, n'kugwira galasilo. Chipupa chimenecho chinapendekeka pang'ono, ndipo ndachisiya choncho.

Guluu atauma tinathira madzi, n'kuika ndere. Ndinamuuza kuti chipinda chapakaticho akatswiri amachitcha pothawira. Anachiyang'anitsitsa, n'kunena kuti akatswiriwo zikuoneka kuti sanagonemo, chifukwa iye akuona ndende yokhala ndi nyali. Amenewo ndi mawu ake oyamba otalika chotero m'miyezi yonseyi, ndipo anali onyoza maphunziro anga. Ndinakondwa ngati wandipatsa mphatso.

Anafunsa ngati tizilomboto timatulukamo. Ndinati tina madzi amatikokolola, pampu n'kutikweza kumwamba. Anafunsa zimene timakapeza kumwambako. Ndinafuna kumunamiza, koma ndinamuuza zoona, kuti tambiri timadyedwa, tina timabisala m'miyala n'kukhala ndi moyo. Iye anati ndiye tisamatikakamize, tizipita tokha tikafuna.

Kuyambira pamenepo kanyali kaja anayamba kuyatsa ndi iyeyo. Ndikabwera kuntchito amandipatsa lipoti, kuti nsabwe zachuluka kapena ndere zatupa, ndipo wandipatsa dzina loti Pulofesa wa Nsabwe. Ndalilandira, pakuti udindo wina wa upulofesa sindikuuona ukubwera.

Tsiku lokapereka thanki linafika. Ndinamuuza kuti munthu mmodzi sangainyamule, ndipo ulendo uno sindinakokomeze. Anavala nsapato, n'kuima pakhomo nthawi yaitali, dzanja lili pachogwirira chitseko. Ine ndinadzitangwanitsa ndi zingwe za nsapato zanga, zomwe zinali zomanga kale. Kenako tinatsika, iye patsogolo akuyenda chambuyo, akundikalipira kuti ndikumukankha komanso kuti digiri yanga ilibe mphamvu m'manja.

Kwa dokotala tinalumikiza mapaipi, n'kuchita mayeso amene aliyense wa ntchito imeneyi amawaopa. Umazimitsa pampu ngati kuti magetsi azima. Madzi onse a m'mapaipi amatsikira pansi, ndipo ngati sunasiye mpata wokwanira m'thanki yapansiyo, amasefukira pakapeti ya mwiniwake, ntchito yako n'kuthera pomwepo. Tinagwada tonse awiri patsogolo pa kabati, madzi akukwera. Mng'ono wanga anasendeza nkhope pafupi ndi galasi. Madziwo anaima atatsala pang'ono kufika pakamwa pa thankiyo.

Dokotalayo, mayi wamfupi wolankhula ngati akuthamangira basi, anafunsa kuti ndani azibwera sabata iliyonse kudzadulira ndere, chifukwa zikachuluka zimatseka njira ya madzi. Ndinaloza mzime wanu. Iye sanavomere, komanso sanakane.

Sindikunamizani kuti wachira. Titafika kunyumba anatsekanso makatani, ndipo tsiku lotsatira sanadzuke. Koma dzulo anandifunsa, akuyang'ana kumbali, ngati sizasi yodulira ndere ndi ya kusitolo kapena tigule yathu.

Pempho langa ndi limodzi. Mukamuimbira foni, musamufunse ngati wapeza ntchito. Ndikudziwa kuti mumafunsa mwachikondi, koma foni ikatha amabwerera kukhoma kuja, ndipo ine ndimayambiranso poyamba. Za mwana wa aneba amene wamanga nyumba ya makonde awiri musamuuzenso, tinamva. Mufunseni za ndere. Mufunseni ngati nsabwe zake zikuswana. Mukatero mudzamva mawu a mwana wanu.

Mundiperekere moni kwa amalume, achemwali ndi alamu, ndi adzukulu anu onse. Azakhali muwauze kuti uthenga wawo ndaumva, ndidzakwatira, asatope kupemphera.

M'kalata yanu munafunsa za ntchito ya kafukufuku ija ya kumzinda wina, imene ndakhala ndikuidikira chimalizireni sukulu. Anandiitana, Amayi. Amapereka chipinda cha munthu mmodzi, ndipo miyezi yambiri pachaka umakhala panyanja. Ndinawayankha kuti sindibwera, ndipo anatenga munthu wina. Mng'ono wanga sakudziwa, ndipo zikhale choncho. Ndinkayesa kuti pofika lero mtima ukhala utasiya kuwawa, koma sunasiye.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Wachisamba